Masiki Ilibe Chipani, Ilibe Manyazi

Phunziro la magulu omvera wailesi

Tikupempha kuti amene amatha kuwerenga awerengere anzake mokweza ndi mosathamanga. Mukamaliza, kambiranani mafunso amene ali kumapeto.

Tiyambe ndi chinthu chimene ena a inu mudachionapo. Bambo akutuluka m'chipatala. Anamwino awapatsa mankhwala a chifuwa chachikulu cha TB. Awapatsanso masiki, ija ena timati maskara, ndipo awauza kuti aziivala akakhala pafupi ndi anthu. Bambowo avomera. Koma atangofika pageti, ayang'ana uku ndi uku, avula masiki ija n'kuiika m'thumba. Kenaka akwera chapa yodzaza, mawindo onse ali otseka chifukwa cha mphepo ya mu Juni, ndipo akutsokomola ulendo wonse.

Bambowa si mbuli, ndiponso si oipa mtima. Akuopa maso athu. Akudziwa kuti akafika pamsika atavala masiki, wina awaseka, wina awathawa, wina afunsa kuti, "Kodi korona sadathe?" Kuseka kumeneku tidakuzolowera nthawi ya mliri wa COVID-19. Lero tikufuna tione kumene kudachokera ndi chifukwa chake tiyenera kukusiya.

Kodi masiki imagwira ntchito yanji?

Munthu akamatsokomola, kuyetsemula, kuimba, ngakhale kungolankhula kumene, m'kamwa ndi m'mphuno mwake mumatuluka timadontho ta malovu. Tina timaoneka ndi maso. Tina n'tating'ono kwambiri moti timayandama mumpweya kwa nthawi yaitali, makamaka m'nyumba yotseka. Ngati munthuyo ali ndi korona, chimfine kapena TB ya m'mapapo, tizilombo timakwera timadontho timeneti ngati mmene munthu amakwerera kabaza. Amene ali pafupi amatikokera m'chifuwa mwake popuma.

Masiki ndi mpanda. Ntchito yake yaikulu ndi kugwira timadontho tija tisanafike kwa munthu wina. Imathandizanso woivalayo kuti asapume tizilombo tambiri, koma imagwira ntchito kwambiri ikakhala pankhope ya amene akudwala. Choncho mukaona munthu wavala masiki, dziwani kuti amene akutetezedwa kwambiri ndi inuyo.

Pali mitundu itatu imene timaiona. Yansalu, imene atelala amasoka ndi kapulana. Ya kuchipatala, ija ya buluu, imene imavalidwa kamodzi n'kutayidwa. Ndipo pali yolimba yotchedwa N95, imene ogwira ntchito zachipatala amavala posamalira odwala TB. Palibe mwa zitatuzi imene imachiza matenda. Zonse ndi zotchinga chabe.

Malamulo awiri, msika umodzi

Korona adayamba kudziwika mumzinda wa Wuhan ku China mu Disembala 2019. Pa 11 Malichi 2020, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidalengeza kuti ndi mliri wa dziko lonse. Kuno ku Mozambique wodwala woyamba adapezeka ku Maputo pa 22 Malichi 2020. Kuyambira pa 1 Epulo, a Filipe Nyusi, amene anali mtsogoleri wa dziko nthawi imeneyo, adakhazikitsa malamulo a nthawi ya ngozi. Sukulu zidatsekedwa, misonkhano idachepetsedwa, ndipo m'mwezi womwewo boma lidalamula kuti aliyense wokwera galimoto zonyamula anthu kapena wopezeka pachigulu azivala masiki.

Ku Malawi zinthu zidayenda mwamtundu wina. Odwala oyamba adalengezedwa pa 2 Epulo 2020. Nthawi imeneyo dziko linali pakati pa mpungwepungwe wa ndale. Pa 3 Febuluwale khothi lidali litathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019 n'kulamula kuti chichitikenso. Boma la a Peter Mutharika litalengeza kuti anthu abindikire m'nyumba kwa masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, mavenda adachita zionetsero m'matauni angapo, kufunsa kuti adya chiyani. Pa 17 Epulo khothi lalikulu lidaimitsa lamulolo. Anthu ambiri adayamba kuganiza kuti korona ndi njira yongofuna kuchedwetsa chisankho. Misonkhano ya ndale idapitirira, ya mbali zonse, anthu ali thithithi pabwalo, ambiri opanda masiki.

Inu mukudziwa mmene timakhalira kuno. Pa Lizulu malire ndi msewu. Mayi amakumba kachewere ku Mozambique m'mawa, masana wagulitsa ku Malawi. Maliro ndi amodzi, ukwati ndi umodzi, chigayo ndi chimodzi. Wailesi timatsegula ya Rádio Moçambique, kenaka ya Zodiak kapena MBC. Tsono khutu lina limamva kuti valani masiki, apo ayi mukumana ndi apolisi. Khutu lina limamva nyimbo za kampeni ndi chikhamu cha anthu chikukuwa. Munthu akanakhulupirira ziti?

Mmene kansalu kadalowera m'chipani

Apa ndi pamene masiki idasiya kukhala nsalu n'kusanduka chizindikiro. Kwa ena, wovala masiki anali munthu wa boma. Kwa ena, wosavala anali wotsutsa kapena wamakani. Kuno kwathu chisankho chinali chitangochitika mu Okutobala 2019, ndipo chipani cha Renamo chidakana zotsatira zimene zidapatsa Frelimo chipambano. Mitima inali isanazizire. Akuluakulu athu akukumbukira nkhondo imene idatha mu 1992, pamene ambiri adathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza. Akukumbukiranso za 2015 ndi 2016, pamene anthu ena a m'chigawo chino cha Tete adathawiranso ku Kapise, m'boma la Mwanza. Munthu amene adaona zimenezi sachedwa kukayika mawu aliwonse ochokera kumpando. Zimenezi n'zomveka, ndipo sitikunyoza aliyense.

Chidaonjezera vuto ndi mmene lamulo lidafikira kwa anthu. Ambiri tidaidziwa masiki kudzera pa rodibuloko, osati kudzera kwa anamwino. Tinkaivala pachibwano, n'kuikweza tikaona yunifolomu, n'kuitsitsa tikadutsa. Ine ndemwe ndidaonapo masiki imodzi ikubwerekedwa kwa anthu atatu pofuna kudutsa pamalo pamene panali apolisi. Masiki yotere siteteza munthu ku matenda. Imangomuteteza ku chindapusa.

Nawonso akatswiri adasintha mawu awo. Poyamba WHO inkanena kuti munthu wosadwala safunika kuvala masiki pagulu. Mu Juni 2020 idasintha n'kulangiza kuti anthu azivala pamalo othithikana, chifukwa zidali zitadziwika kuti munthu amatha kupatsira anzake korona iye asakumva kudwala kulikonse. Ena adati, "Mwaona, akunama." Koma kusintha maganizo ukaphunzira chatsopano si bodza. Mlimi amene wasiya mbewu ina ataona kuti sikupirira chiwawu sitimutcha wabodza.

Kodi kachilombo kadafunsa khadi la chipani?

Ayi. Tiyeni tione zimene zidachitika.

Chisankho cha ku Malawi chidachitika pa 23 Juni 2020, ndipo a Lazarus Chakwera adapambana. Korona akanakhala wa kampeni chabe, akanatha tsiku lomwelo. Koma odwala adachuluka. Mwambo waukulu umene udakonzedwa kuti uchitike pa 6 Julayi pabwalo la masewero la Bingu ku Lilongwe udachepetsedwa n'kukachitikira ku Kamuzu Barracks ndi anthu ochepa. Mu Ogasiti boma latsopanolo lidalamula kuti masiki ivalidwe pagulu, ndipo wosavala ankayenera kulipira K10,000. Amene dzulo ankakayika, tsopano ndi amene ankalamula. Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri za boma lomwelo, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira ndi korona tsiku limodzi.

Kwa anansi athu ku Tanzania, a John Magufuli adalengeza mu Juni 2020 kuti korona watha m'dziko lawo, ndipo boma lidasiya kutulutsa ziwerengero za odwala. Kuvala masiki kumeneko kunkaoneka ngati kutsutsa mtsogoleri. Iwo atamwalira mu Malichi 2021, amene adalowa m'malo mwawo, mayi Samia Suluhu Hassan, a chipani chomwecho, adayamba kuvala masiki ndipo mu Julayi adabayitsa katemera anthu akuona. Ku Brazil, kumene amalankhula Chipwitikizi ngati kuno, mtsogoleri wa nthawi imeneyo a Jair Bolsonaro adanena kuti korona ndi kachimfine chabe, ndipo kawirikawiri ankaonekera pagulu opanda masiki. M'dziko limenelo mudamwalira anthu oposa 700,000.

Kuno ku Mozambique ziwerengero za boma zikuonetsa kuti adamwalira anthu oposa 2,000, ndipo ku Malawi oposa 2,600. Amenewa ndi okhawo amene adayezedwa. Pakati pawo panali a Frelimo ndi a Renamo, a MCP ndi a DPP, Akatolika, a mipingo ina, Asilamu ndi osapemphera. Kachilombo sikadafunse kuti udavotera ndani.

Kusalana: nkhani ya amalume anga

Ndale si zokhazo zimene zidaipitsa dzina la masiki. Panalinso kusalana, ndipo pamenepa ndiyenera kuulula mlandu wanga.

Kumapeto kwa Malichi 2020, dziko la South Africa litatsala pang'ono kutseka zipata zake, amalume anga adabwerako ku Joni monga adachitira anthu ambiri. Ine ndinali mwana wa sukulu ya sekondale. Adafika atavala masiki. Sadagwire munthu chanza. Adapempha kuti azigona okha m'kanyumba kakuseri kwa masiku 14, ndi kuti agogo asamalowemo. Lero ndikudziwa kuti ankachita zoyenera. Koma m'mudzi mawu adayenda msanga kuposa njinga yamoto. Ena adati abwera ndi korona. Ena adati akudzitukumula chifukwa cha ndalama za ku Joni, akutiona ngati tikununkha. Amayi anga akafika pamjigo, anzawo ankasuntha zidebe. Ineyo, m'malo mowaimira, ndidasiya kuwapititsira madzi osamba, kuopa kuti anzanga andiseka.

Pa tsiku lachinayi m'mudzi mudagwa maliro. Amalume adapita atavala masiki, nakhala chapatali. Mkulu wina adawafunsa mokweza kuti, "Kodi malemuwa akukununkhirani?" Amalume adavula masiki ija pomwepo, nakakhala pakati pa anthu, nadya nawo m'mbale imodzi. Mwamwayi palibe adadwala. Koma mwayi si mankhwala. Akanakhala kuti anali ndi kachilombo, amene tidawavula masiki tikanakhala ife, ndipo oyamba kugwa akanakhala agogo.

Taonani msampha wa kusalana. Ukavala, akuti ukudwala. Ukanena kuti sukudwala, akuti ndiwe wonyada. Njira yokhayo yopezera mtendere ndi kuvula. Potero mudzi umalanga munthu wosamala, n'kusiya wosasamala akuyenda momasuka.

Si zachilendo kwa ife. Tidachita zomwezo ndi Edzi, pamene anthu ankabisa ma ARV kudenga kapena kukalandirira kuchipatala chakutali kuti asaonedwe. Zidachitikanso ndi kolera m'chigawo cha Nampula, kumene mu 2009 anthu odzipereka amene ankathira mankhwala a klorini m'zitsime adaukiridwa powaganizira kuti ndi iwo akubweretsa matendawo. Nthawi zonse mantha amasowa kolowera, ndiye amagwera munthu amene akuoneka ndi maso, pakuti kachilomboko sikaoneka.

Chifukwa chiyani tikukamba zimenezi lero?

Malamulo okakamiza masiki adafewetsedwa mu 2022, ndipo pa 5 Meyi 2023 WHO idalengeza kuti korona salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, ngakhale kachilomboko kakadalipo. Palibe amene akukukakamizani kuvala masiki pamsika lero. Koma matenda oyenda mumpweya sadathe. Lalikulu mwa iwo ndi TB. Dziko la Mozambique lili m'gulu la maiko 30 amene WHO imati ali ndi vuto lalikulu la TB. Amene ali pachiopsezo kwambiri ndi omwe ali ndi HIV, ana aang'ono, okalamba, osowa chakudya chokwanira ndi amene adagwirapo ntchito m'migodi.

Kuno kumapiri kumazizira. M'miyezi ya Juni ndi Julayi timatseka zitseko ndi mawindo, timaothera moto m'nyumba, timagona mothithikana. TB imakonda malo oterewa. Koma uthenga wabwino ndi wakuti TB imachizika. Mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma, kuno ngakhalenso ku Malawi, ndipo kawirikawiri amamwedwa kwa miyezi 6. Munthu akayamba kumwa mankhwala oyenera mosadumphitsa, mphamvu yopatsira ena imachepa kwambiri m'masabata oyambirira. Nthawi imene masiki ikufunika kwambiri ndi imeneyo, mpaka achipatala atanena kuti basi. Ndi nthawi yochepa. Koma ngati tikumuseka, munthuyo sadzavala. Choopsa kwambiri n'chakuti wina amene akutsokomola adzaopa ngakhale kukayezetsa.

Zimene ena amanena, ndi zoona zake

"Masiki imatsekereza mpweya." Madokotala ochita opaleshoni amaivala maola ambiri ali pantchito. Mpweya umadutsa bwinobwino. Chimene chimatsala ndi timadontho. Ngati mukubanika kwambiri, uzani achipatala, chifukwa mwina vuto lili m'chifuwa.

"Wovala masiki ndiye kuti ali ndi Edzi." Ayi. HIV siyenda mumpweya. Munthu akhoza kuvala chifukwa cha chimfine, TB, fumbi la kuchigayo, kapena chifukwa akusamalira wodwala kunyumba.

"Ine ndimakhulupirira Mulungu, sindifuna kansalu." Timapempherera ulendo, koma woyendetsa njinga yamoto timamuuzabe kuti aone mabuleki. Kukonda mnzako kumaonekanso pomutchingira chifuwa chako.

"Mwamuna weniweni savala zimenezo." Mwamuna weniweni sapatsira mwana wake matenda amene akanatha kuwapewa.

Kavalidwe koyenera

1. Sambani m'manja ndi sopo musanavale ndiponso mukavula.
2. Masiki itseke mphuno, pakamwa ndi chibwano. Yapachibwano pokha ndi chimodzimodzi osavala.
3. Povula gwirani zingwe za m'makutu, osati kutsogolo.
4. Musabwerekane masiki, ngakhale ndi mkazi kapena mwamuna wanu.
5. Yansalu ikhale yophatikiza nsalu zitatu ngati n'kotheka. Ichapeni tsiku lililonse ndi sopo ndi madzi otentha, muyanike padzuwa.
6. Ya kuchipatala ikanyowa kapena kuda, itayeni m'chimbudzi kapena muitenthe. Musasiye poti ana angatole.
7. Ana a zaka 5 kutsika m'munsi asakakamizidwe kuvala masiki.
8. Masiki payokha sikwanira. Tsegulani mawindo m'chapa, m'kalasi, m'tchalitchi ndi m'nyumba. Wodwala TB azicheza ndi alendo panja, pamphepo.

Kodi inu mungachitepo chiyani?

Ngati mwatsokomola kwa masabata awiri, kapena mukutuluka thukuta usiku, mukuonda, mukutentha thupi, pitani kuchipatala mukapereke makhololo. Musadikire kuti mulavule magazi. Safunsa adadya phula.

Ngati m'banja mwanu mwapezeka wodwala TB, tengani ana ndi onse ogona m'nyumbamo akaonedwe. Musamupatule mbale kapena kapu, chifukwa TB ya m'mapapo siyenda m'ziwiya. Imayenda mumpweya.

Inu mafumu ndi anyakwawa, mawu anu pamaliro amamveka kuposa wailesi. Nenani poyera kuti wovala masiki pamaliro sakunyoza malemu. Inu atsogoleri a mipingo, wovala masiki asakhale pabenchi yakeyake ngati wochotsedwa. Inu oyendetsa chapa ndi makondakitala, musamusiye pasiteji munthu chifukwa wavala masiki. Mutsegulireni windo. Inu a zipani zonse, kanganani za misewu, za mtengo wa feteleza ndi za msika wa kachewere, koma uthenga wa chipatala muusiye udutse. Ndipo ife achinyamata, tisatumize pa WhatsApp kapena pa Facebook nkhani imene sitikudziwa kumene yachokera. Tifunse kaye anamwino kapena alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwathu.

Mliri wina udzabwera, kaya liti. Tsiku limenelo Maputo adzanena zake, Lilongwe adzanena zake, ndipo mwina sizidzafanana. Ife a m'malire tidzafunika kufunsa funso limodzi lokha: kodi matendawa amayenda bwanji, ndipo ndingamutchingire bwanji mnzanga? Yankho la funso limeneli ndi limodzi mbali zonse za msewu.

Mafunso okambirana m'gulu

1. Kodi m'mudzi mwanu anthu ankati chiyani za munthu wovala masiki mu 2020? Nanga lero amati chiyani?
2. Mukanakhala pamaliro paja, mukanawayankha chiyani mkulu amene adafunsa amalume anga?
3. Kodi ndi mawu ati ochokera kwa atsogoleri amene adakusokonezani nthawi ya korona? Mudafunsa yani kuti mudziwe zoona?
4. Bambo aja avula masiki pageti la chipatala. Kodi gulu lanu lingachite chiyani kuti mawa afike nayo mpaka kunyumba?
5. Tchulani malo atatu m'dera lanu amene anthu amathithikana mawindo ali otseka. Ndani angalankhule ndi eni ake?

Mlembi wa gulu alembe mayankho anu ndi kuwatumiza kuno ku wailesi, kapena apatsire mtolankhani wathu wodzipereka akafika m'dera lanu. Tidzawawerenga pa pulogalamu ya zaumoyo popanda kutchula maina.

Kumbukirani: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mukakumana ndi munthu wovala masiki, mupatseni moni, mumupatse malo, ndipo mumuthokoze.